Khwekhwe Lomwe Linasowa Kuseri kwa Madimba

Nyama yoyamba yam'tchire imene ndinaiona ku England ndinaiyesa mbuzi, ndipo ndinayenda ndi chingwe m'manja kufunafuna mwini wake.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinaima pawindo la kukhitchini kunyumba kwathu ku Oldbury, kapu ya tiyi ili m'manja, ndikuyang'ana kadimba kathu kakuseri. Kadimbako n'kongokwana mphasa zingapo, koma amayi akunyumba amalimbana nako chaka ndi chaka kuti tidyeko repu ndi nkhwani zosachokera mufiriji ya kusitolo. Ndiye ndinangoona kanyama kofiirira, kamsana kokhota, kakubudula repuyo mosatekeseka ngati kanathira nawo manyowa. Mutu wanga unati mbuzi. Sindinadzifunse kuti mbuzi ingachokere kuti pakati pa nyumba zanjerwa zomatana khoma ndi khoma. Ine ndinakulira ku Kawale, nyama ndimaizindikira ikakhala pachiwaya.

Ndinamasula chingwe choyanikapo zovala, koma pomwe ndimatsegula chitseko kanyamako kanali katadutsa kale pansi pa mpanda. Ndinazungulira kumaso n'kukagogoda kwa aneba athu, mkulu wachizungu amene anapuma ntchito kufakitale yosungunula zitsulo ndipo amakhala yekha. Ndinawafunsa mwaulemu wonse ngati akudziwa munthu woweta mbuzi mumsewu wathu, poti imodzi yathawa m'khola.

Anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana chingwe chija, mapegi akadali lende.

"Mbuzi? Muno mu Oldbury?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapezako mpweya anandiuza kuti ndi gwape wamtundu wina, kuno amati mantijaki. Makolo ake anachokera ku China, anathawa m'mapaki a anthu olemera kalekale, ndiye pano anadzaza dziko. Amatsata ngalande ndi njanji mpaka kulowa m'tauni, ndipo kumadimba a khonsolo, komwe iwo ali ndi kachigawo kawo ka nyemba ndi anyezi, anthu amalira nawo.

Nkhani ikanathera pa manyazi angawo pakanapanda mlamu wanga.

Mlamuyu ndi mlongo wa akazi anga, wamng'ono. Anali atangobwera kumene pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, akugwira kunyumba ina ya nkhalamba chakumbali ya Bilston, ndipo ankagona m'kachipinda kathu kakang'ono. Kumudzi ku Kasungu anasiya mkazi woyembekezera, mimba yoyamba. Lamulo silinamulole kubwera naye. Chilichonse chinkachokera pa kapepala kamodzi kaja: ntchito ndiyo viza, viza ndiyo ntchito, ndipo sikelo ya mkazi wake, malata a nyumba, feteleza wa apongozi, zonse zinkadikira iye. Tsiku lomwe tinakamutenga kubwalo la ndege akazi anga anandiuza m'galimoto iye akumva, "Ine ndimakhala kuwodi kuchipatala, bambo. Maso ndinu. Uyu ndikumudziwa, miyendo yake siikhazikika."

Madzulo a tsiku la mbuzi lija ndinafotokoza nkhani yanga patebulo kuti anthu aseke. Anasekadi.

"Alamu, mabuku onse mwadzaza m'nyumba muno, gwape osamudziwa?" anatero mlamu.

"Wam'buku saima pa repu, alamu."

"Chikhala kwathu tikanakulembani ntchito yolonda mbuzi za eni. Palibe ikanasowa."

Koma mlamu atatha kuseka anayamba kutafuna pang'onopang'ono. Kenako anafunsa, maso ali pawindo, "Ndiye mukuti alibe mwini?"

Funsolo ndinalimva, koma sindinalilabadire, chifukwa nane ndinali ndi matenda anga. Sukulu ndinalekeza Fomu Thu, zotsalazo ndinadziphunzitsa ndekha ndi mabuku otolatola. Kuno ndinapeza masitolo a zachifundo momwe buku limatsika mtengo kuposa buledi, ndiye ndimagula chilichonse: za njuchi, za nkhondo, za kukonza mawotchi. Sabata yomweyo ndinapeza kabuku kothothoka chikuto konena za kusaka nyama ina ya ku America, eliki, yomwe ndi mbawala yaikulu ngati ng'ombe yangolo. Ndinakawerenga pa buleki kuweyahausi, kosungirako katundu komwe ndimagwira ntchito, ndinakawerenga m'basi, ndipo pofika kumapeto ndinali mlenje. Ndinkadziwa zoyenda moyang'anizana ndi mphepo. Ndinkadziwa pomwe pali mtima wa nyama. Chomwe ndinali ndisanachitepo n'kugwira mfuti basi.

M'kabukumo munali mutu wonse wokambirana ngati munthu woyamba kumene ayenera kulipira gayidi, mlenje wodziwa tchire woti amutsogolere, kapena angodzipitira yekha n'kuphunzira polakwitsa. Ine ndinagamula msanga. Gayidi ndi wa anthu osawerenga. Komabe ndinafufuza pafoni, n'kupeza kuti kuno aliponso anthu otere, makamaka kumafamu a ku Warwickshire. Umalipira, amakutenga, amakubwereka mfuti yawo iwo ali pambali pako. Nditaona mtengo wake ndinayesa ndawerenga molakwa. Unali thukuta la mashifiti angapo, kulipirira madzulo amodzi.

"Kulipira munthu kuti akuonetseni gwape?" anatero mlamu nditamuonetsa. "Gwape wake uti? Yemwe akubwera yekha kudzadya repu wa achemwaliyu?"

"N'zomwe ndikunena ine."

"Kwathu ukati undilipire ndikuonetse gwape, akumanga kuti wapenga. Galu mmodzi, chibonga, basi. Agalu akasowa, waya."

"Inu nonse mukhale pansi," anatero akazi anga akupakira zakudya za kuntchito. "Awa nkhuku amaizinga atatsinzina. Iwenso, kuno si ku Kasungu."

Ine ndinati ndichita mwadongosolo, ndipeze laisensi yangayanga. Apa ndi pomwe ndinayamba kudzidzimuka. Apolisi amayenera kubwera kunyumba kudzakuona. Adokotala ako alembe kuti mutu wako uli bwino. Ugule kabati yachitsulo n'kuikhomera kukhoma, khoma la landilodi amene amatiwerengera ngakhale msomali wa kalendala. Choposa zonse, uonetse malo omwe mwini wake wakuloleza kusakapo. Ndinafufuza tchire lopanda mwini m'dziko muno, sindinalipeze. Kathengo kalikonse, ngakhale kaminga kokhakokha kam'mbali mwa ngalande, kali ndi munthu kapena ofesi yomwe imati n'kathu. Ndinauza mlamu kuti tidikire kaye, zinthu zake n'zambiri.

"Ehe," anatero. Ehe wake uja ndikanamumvetsera bwino.

Patapita masabata ochepa, tsiku lina ndinatulutsa njinga yanga m'shedi kuti ndipite kuntchito. Msewu wathu ndi wotsetsereka. Nditafika pamphambano ndinafinya buleki, chogwirira chinangobwera chofewa ngati nthochi. Ndinafinya inayo, chimodzimodzi. Ndinaima ndi nsapato, komanso ndi bini ya eni ake yomwe inali panja kudikira galimoto ya zinyalala. Nditayang'ana njinga, mawaya onse a buleki panalibe. Sanaduke. Anachita kumasulidwa bwinobwino ndi sipanala.

Ndinabwerera ndikukankha njinga. Mlamu anali pa ofu, atakhala pampando akudya chimanga cham'chitini.

"Alamu, mawaya a njinga yanga ali kuti?"

"Aa, ndimati ndibwezeretsa musanaone. Mumakwera basi masiku ano."

"Ali kuti?"

"Ali pantchito."

Anandifotokozera mosabisa, monyadira ndithu. Waya wa buleki ndiye wabwino pa khwekhwe, sachita dzimbiri msanga, ndipo mfundo yake imatsetsereka bwino pakhosi. Anga anamuchepera, ena anakagula kumsika ku Bilston. Anapeza kanjira ka agwape m'kathengo kakuseri kwa madimba a khonsolo, kutsikira kungalande, pomwe amaboola mpanda waminga. Anatchera kumeneko dzana lake. Amati Lamlungu atidzidzimutse ndi ndiwo.

Kuntchito ndinaimba kuti ndichedwa. Ndinakhala pansi n'kutsegula foni kuti ndione zomwe lamulo likunena. Kutchera gwape ndi waya kuno ndi mlandu. Kumupha pamalo a eni popanda chilolezo ndi mlandu wina. Nyama ikazunzika pa wayapo, winanso. Ndipo ntchito yosamalira okalamba ndi ija amafufuza mbiri yako kupolisi, ndiye dzina likada, bwana angathe kukusiya, ndipo akakusiya viza yapita.

Ndinamuwerengera pang'onopang'ono, ndikumasulira m'Chichewa. Supuni inaima m'chitini.

"Koma alamu, sindinabe kanthu ine."

"Kuno gwape ali ndi lamulo lake."

"Gwape? Amene akudya nyemba za anthu? Ndimayesa ndikuwathandiza."

"Valani nsapato."

Tinapita masana omwewo, tikuyenda ngati anthu ongowongola miyendo. Kathengoko n'kodzaza minga, mabotolo ndi matayala akale. Mlamu ankapita molunjika, n'kugwada, n'kumasula waya, n'kuupinda m'thumba la jekete. Onse anali opanda kanthu. Ndinayamba kupuma bwino. Titafika pa khwekhwe lomaliza, pafupi ndi mpanda wa madimba, iye anaima chilili.

Nthaka inali yofukulidwa mozungulira. Kamtengo komwe anamangirirapo kanali kosupuka khungwa, ubweya wofiirira uli pa minga, ndi timadontho takuda pamasamba. Waya unatsala kachidutswa kokha, kolendewera kukamtengoko. Mlamu anakagwira n'kuyang'ana kunsonga kwake.

"Yadula?" ndinafunsa.

"Nyama ikadula, waya umanyanyuka ngati tsache. Uwu wadulidwa kamodzi." Anakasiya kachidutswako. "Gwape sayenda ndi pulayala, alamu."

Ndiye kuti munthu anafika. Anapeza nyama pa waya, anadula, anatenga khwekhwe. Munthu ameneyo kaya ndi wa kumadimba, kaya ndi woyendetsa galu, kaya ndi wa khonsolo, sitinadziwe. Sitinadziwenso ngati anaona mlamu akutchera. Munthu wakuda wovala yunifomu yabuluu ya kuntchito akugwada m'minga sasowa womukumbukira.

Akazi anga tinawauza usiku womwewo atabwera kuwodi. Ndinkayembekeza mkuntho. Sanakweze mawu. Anavula nsapato, anakhala pamasitepe, n'kumuyang'ana mlongo wawo nthawi yaitali.

"Mkazi wako ndikamuuze kuti chiyani? Kuti wabwerera chifukwa cha ndiwo?"

Masiku otsatirawo m'nyumba munalowa mantha. Belu likalira, mlamu ankaimirira. Galimoto ya polisi ikadutsa mumsewu, ankasuzumira kuseri kwa katani. Maneja wake atamuitana kuofesi anapita akuyesa kuti zadziwika, kukapeza n'zosintha mashifiti. Nane ndinkayang'ana nkhope ya aliyense wonyamula khasu kapena kheni yothirira, kuyesa kuwerenga ngati akudziwa.

Koma chomwe chinandisinthitsa maganizo pa za gayidi si manthawo. Tsiku lina tikutsuka mbale, mlamu anayang'ana kunja n'kunena motsitsa, ngati akudziyankhulira, "Kulakwa kwanga n'kutchera pafupi ndi anthu. Kutsidya kwa ngalande kuja sikufika munthu."

Munthu sakudya, sakugona, koma mutu wake ukadali m'tchire. Ndinamuyang'ana bwino tsiku limenelo. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo amakhala m'nyumba yotentha yotseka mawindo, kusambitsa, kudyetsa, kumwetulira. Akaweruka, kachipinda. Mkazi wake amamuona pafoni, mimba ikukula iye kulibe. Chinthu chokha m'dziko lino chomwe anachiona n'kuchizindikira ngati chakwawo chinali kanjira ka gwape m'minga. Kumuletsa ndi pakamwa kunali kutaya malovu. Ndipo ine, mlenje wam'buku, ndinalibe tchire, ndinalibe mfuti, ndinalibe chomupatsa.

Usiku umenewo ndinalipiriratu gayidi, anthu awiri. Ndinauza akazi anga ndalama zitapita kale.

"Zochuluka choncho?"

"Tikiti yobwerera ku Lilongwe ndi yodula kuposa apa."

M'mawa ndinapeza atatiikira masokosi aubweya pampando.

Famuyo inali kupitirira Nuneaton, kumene misewu imachepa mpaka mipanda yamitengo kukhudza galimoto mbali zonse. Gayidi anali bambo wonenepa, wofiira kumaso, wolongolola, wonunkha galu. Anationa ziphaso, anatiuza malamulo a mfuti kawirikawiri ngati ana, kenako anatitengera kuseri kwa khola komwe anakhoma pepala pa bokosi patsogolo pa chulu cha dothi. Anati palibe woloza nyama yake asanamuonetse kuti angathe kulasa pepala.

Ndinayamba ine, poti ndine wamkulu komanso wowerenga. Ndinagona pansi, ndinakumbukira zonse za m'buku, kupuma, kufinya pang'onopang'ono. Dothi linafumbuka chapatali ndi bokosi. Ndinayesanso. Linafumbuka mbali inayo.

"Mukutsinzina," anatero gayidi.

"Achemwali ananena," anatero mlamu m'Chichewa.

Iyenso sanayambe bwino. Mfuti anali asanaigwirepo, ndipo chipolopolo choyamba chinadya ngodya ya bokosi. Koma manja ake sanjenjemera, ndiye zotsatirazo zinalowa pakati, moyandikana. Gayidi anagamula pomwepo: wowombera ndi mlamu, ine ndikhale mboni. Ndinali nditalipira mashifiti anga kuti ndikaonerere.

Anatikweza pa kanyumba kamatabwa kapamwamba, ngati chilindo cholondera anyani m'munda, m'mphepete mwa nkhalango. Tinakhala atatu mothinana, mawondo akugundana. Wolongolola uja anatseka pakamwa ngati wazimitsidwa. Kunazizira. Mphuno yanga inayamba kuchucha ndipo ndinkaopa kuifwenthera. Ndinaganiza za anthu a m'buku langa okwera mapiri masiku ambiri kutsata eliki, ine ndili pa thabwa ngati nkhuku yofungatira.

Dzuwa litapendeka, gwape anatulukira m'minga. Wamkazi, wowonda bwino, wosalala, akuyenda n'kumaima. Mlamu anasendeza mfuti mwakachetechete. Gayidi anaika dzanja paphewa pake n'kupukusa mutu. Gwape anadya, anadya, n'kulowanso m'tchire.

"Watani ameneyu?" ananong'ona mlamu. "Ndalama zathu zija zikupita izo."

"Khalani chete, alamu."

Patapita nthawi anatulukira wina, chakumanzere. Uyu ankayenda molemedwa, mimba ili pansi, yotakata mbali zonse. Gayidi anagwedeza mutu n'kuloza ndi chala. Ameneyo.

Mlamu anayang'ana m'galasi la mfuti, kenako anachotsa diso.

"Alamu, muuzeni. Ali ndi bere uyu."

Ndinamunong'oneza gayidi m'Chingerezi, ndikuyesa kuti sanaone. Anandiyankha kukhutu kuti waona, ndipo n'chifukwa chake wamusankha.

Ndinayesa sindinamve bwino. Anabwereza, mawu ali pansipansi. Agwape amtunduwu alibe nyengo, amaswa chaka chonse, ndipo wamkazi akangoswa satenga masiku, amatenganso bere lina. Ndiye ukaona wowonda ngati woyamba uja, dziwa kuti ali ndi kamwana kobisika m'minga kodikira kuyamwa kwa mayi wake. Ukamupha, kamwanako kafa ndi njala pang'onopang'ono. Koma wa mimba yaikulu chonchi, mwana wake wam'mbuyo analeka kale kuyamwa. Palibe wotsala akulira.

Ndinamasulira. Mlamu anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Achita kusankha wa bere?"

"Akuti ndi chifundo chake chimenecho."

"Chifundo."

Gwape anali akudya, atatipatsa nthiti. Ndinkamva mlamu akupuma. Ndinafuna kumuuza kuti asiye, ndalama si kanthu, koma ndinachedwa. Anabwezera diso pagalasi. Mfutiyo inali ndi chotsekereza phokoso, komabe m'kanyumbamo inamveka ngati thabwa lathyoka. Gwape anadumpha kamodzi, anathamanga pang'ono, n'kugwa m'mbali mwa mpanda.

"Mwalasa bwino kwambiri," anatero gayidi, kulongolola kwake kutabwerera. Anatidikiritsa kaye pang'ono, kenako tinatsika.

Anamutumbula pomwepo paudzu, mwachangu, akufotokoza chilichonse: apa timayang'ana matenda, ichi ndi chiwindi, onani mtima mwaupyoza pakati. Ine zonsezi ndinali nditaziona pa zithunzi. Pa zithunzi sipatuluka nthunzi, ndiponso sipanunkha. Kenako anatulutsa thumba lonyezimira n'kuling'amba ndi nsonga ya mpeni. Munali kamwana kathunthu. Ubweya kanali nako, timadontho toyera pamsana, tiziboda tofewa ngati sera, maso otseka. Sikanapume. Anakanyamula ndi dzanja limodzi n'kukaika pansi pa mpanda pamodzi ndi matumbo, akuti nkhandwe zidzayeretsa usiku.

Ine ndinakhala pa chitsa n'kuyang'ana kumbali. Koma amene anandidabwitsa ndi mlamu. Munthu uyu wasenda nyama kuyambira ali mwana. Anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana pansi pa mpanda paja, osaphethira.

"Kwathu zimachitika," anatero patapita nthawi, osanditembenukira. "Ukakola wa bere umati tsoka. Umakwirira msanga, kunyumba sukanena. Amayi oyembekezera sauzidwa n'komwe." Anapukuta pakamwa ndi mkono. "Ndiye uja wa kuseri kwa madimba uja, alamu, anali wotani? Wowonda kapena wa bere?"

"Sindikudziwa."

"Nanenso. Waya sufunsa."

Gayidi anafunsa chomwe tikukambirana. Ndinatsegula pakamwa, chifukwa ndinali ndi mtima wofuna kumufunsa munthu wodziwa malamuloyu kuti wopezeka ndi waya amamutani kwenikweni. Mlamu anandiponda phazi mwamphamvu. Ndinati tikuyamikira mfuti.

Titatha, mlamu anagwira gwape miyendo n'kumuponya paphewa, monga achitira kwawo. Gayidi anaseka n'kunena kuti amutsitse kaye m'thireyi ya galimoto, akamuyeze pa sikelo kufamu, ngati tikumufuna.

"Ngati tikumufuna?" ndinafunsa.

Anati nyamayo ndi ya mwini famu. Tikaifuna tigule.

Ndinamasulira. Mlamu anatsitsa gwape pang'onopang'ono.

"Ndalasa ine?"

"Mwalasa inu."

"Talipira ife?"

"Talipira ife. Ndalipira ine, kunena zoona."

"Ndiye poyamba paja tinagula chiyani?"

Ndinamufunsa gayidi funso lomwelo. Anatambasula manja kuloza nkhalango, minda, kanyumba kaja, thambo lofiira. Anati tinagula madzulo.

Tinagula gwape wathu yemwe. Tinamuika m'galimoto, n'kuyamba ulendo wobwerera mpaka kulowa mumsewu waukulu. Kenako mlamu anatulutsa m'thumba la jekete mawaya aja, omwe anali akuyenda nawo masiku onsewa poopa kuwataya m'bini yapakhomo, n'kuwaika pamiyendo panga.

"Anuwo mubwezeretse panjinga. Enawo mudziwa ndinu."

Sindinganene kuti analapa, sindinalowe mumtima mwake. Chomwe ndikudziwa n'chakuti atafika kunyumba anakhala nthawi yaitali pafoni ndi mkazi wake chitseko chili chotseka, ndipo za gwape sanamuuze.

Koma khwekhwe losowa lija linali likadasowabe, ndipo gayidi sakanatha kulibweza.

Mawa lake tinasenda nyama patebulo la kukhitchini titayala mapepala apulasitiki. Ndi kanyama kochepa, koma mlamu anati nyama yam'tchire sadya khomo limodzi, mwendo umodzi upite kwa aneba. Iye anakana kukapereka, akuti Chingerezi cha mkuluyo sachimva. Ndinaukulunga bwino n'kupita ndekha.

Anachedwa kutsegula. Atatsegula anali atavala malaya odula manja, ndipo mkono wawo wamanja unali womangidwa bandeji kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono. Ndinali ndisanawaone masiku angapo. Ndinawapatsa pepani, n'kufotokoza kuti tinapita kosaka ku Warwickshire, ndi gayidi, mwalamulo, risiti ilipo. Mawu oti mwalamulo ndinawanena kawiri, kaya chifukwa chiyani.

Analandira mwendowo ndi dzanja lamanzere, anauyeza kulemera, n'kuuika pa kashelefu kapakhomo. Sanaseke. Anasuzumira mumsewu uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Ndinamupeza ine, kuseri kwa nyemba zanga. Anali wamphongo, akadali moyo, lilime lili panja, waya utalowa m'khosi. Kulira kwake ngati mwana wa munthu. Ndinamugwira kuti ndidule, ndiye amphongo ali ndi mano aatali akuthwa, anandin'gamba mpaka mnofu kuonekera. Anathawa, kaya anakafera kuti. Kuchipatala anandifunsa, ndinati ndi lata la shedi. Ndili ndi zaka zambiri, bwanawe, sindinanamizepo nesi. Mnyamata wanuyo ndinamuona tsiku lomwe ankatchera, ndinali m'shedi. Ndimamuonanso m'mawa uliwonse akuthamangira basi kukasambitsa anthu a msinkhu wanga, n'chifukwa chake foni sindinaimbe kupolisi. Waya uli m'kabati mwanga, ukhala momwemo. Koma mukamuuze. Ndikadzapezanso wina, sindidzagogoda kwanu."